Ngozi yapita, koma thupi silili bwino

Lero tikambirane za munthu amene wapulumuka pa ngozi ya chapa kapena njinga yamoto. Wadzuka yekha, alibe bala, koma patapita maola kapena masiku wayamba kumva mutu, chizungulire, dzanzi m'manja kapena kuiwalaiwala. Kodi zimenezi zimachokera kuti?

Choyamba, ubongo umagwedezeka. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, ubongo umawomba chigaza mkati, ngakhale mutu usagunde kanthu. Munthu amamva mutu ndi nseru, ndipo kuwala kumamusautsa. Ambiri akapuma mokwanira amachira pakatha milungu 2 mpaka 4.

Chachiwiri, ndipo ndicho choopsa kwambiri, magazi amatayikira mkati mwa chigaza. Poti alibe kotulukira, amapanikiza ubongo. Munthu angacheze bwinobwino masana, usiku n'kukomoka. Kwa okalamba ndi amene amamwa mowa kwambiri, magaziwa amatha kudontha pang'onopang'ono, vuto n'kudzaoneka patatha milungu ingapo, ngoziyo itaiwalika kale.

Chachitatu ndi khosi ndi msana. Mitsempha yopita m'manja ndi m'miyendo imadutsa mmenemo. Fupa likasweka kapena kusuntha limaitsina, ndiye pamabwera dzanzi, kufooka, kapena kulephera kugwira mkodzo. Choncho wovulala amene akumva khosi musamukoke kapena kumukhazika panjinga. Mugonekeni pathabwa, wina agwire mutu kuti usatembenuke.

Chachinayi ndi mantha a ngoziyo. Amabweretsa maloto oipa, kusowa tulo ndi kunjenjemera. Nawonso ali ndi chithandizo kuchipatala.

Masiku awiri oyamba munthuyo asagone yekha. Thamangirani naye kuchipatala mukaona izi: mutu ukukulirakulira, akusanza mobwerezabwereza, akuvuta kudzutsa, akukomoka ngati wakhunyu, akulankhula zosamveka, mbali imodzi yafooka, kapena m'mphuno ndi m'khutu mukutuluka magazi kapena madzi. Musadikire kuti kuche.

Musamutemere mphini poganiza kuti walodzedwa. Musamupatse mowa, aspirin kapena ibuprofen, chifukwa zimawonjezera kutaya magazi. Paracetamol ndiye oyenera. Mukafika kuchipatala, afotokozereni anamwino tsiku limene ngozi inachitika, ngakhale patapita mwezi.

Mukauzeko anzanu, makamaka anyamata oyendetsa njinga zamoto, ndipo muwakumbutse kuvala chisoti.