Za Kuchotsa Zinyalala Malire Akasintha: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka

Wolankhula, atapereka ulemu kwa a Pampando, mafumu ndi mamembala onse, anakumbutsa msonkhano kuti Balaka kale anali mbali ya boma la Machinga, lija makolo ankalitcha Kasupe, ndipo anapatulidwa kukhala boma pa yekha m'chaka cha 1998. M'masiku amenewo matauni a Balaka ndi Liwonde anali ndi makhonsolo awoawo, koma lamulo la maboma aang'ono litasinthidwa mu 2010, ntchito zawo zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a maboma. Motero msika wa Balaka wasinthirapo eni ake, ndipo nthawi yonseyo makoko a nthochi ndi zotsala za nsomba sizinaleke kugwa pansi ngakhale tsiku limodzi.

Apa ndi pamene iwo anachedwapo. Anati pakakhala kusintha kotere, akuluakulu amatanganidwa ndi za maofesi, mipando ndi zidindo, koma osesa pamsika sadziwa amene adzawalipire mwezi ukatha. Chifukwa chake, tsiku lopatsana ulamuliro lisanafike, payenera kulembedwa poyera maina a antchito onse, chiwerengero cha mawilibala ndi mafosholo, mwini wake wa malo otayako zinyalala, ndi thumba limene msonkho wa pamsika udzalowemo. Mai wogulitsa tomato amadula tikiti m'mawa uliwonse. Sikuyenera kuti auzidwe kuti adikire kufikira makalata atasainidwa.

Anatchulanso zaka za 2005 kufikira 2014, pamene dziko linakhala lopanda makhansala, nati m'nyengo yotere munthu wamba amasowa khomo lokadandaulako dzala likasefukira.

Kunena za matenda, anakumbutsa kuti kolera wa mu 2022, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino, anayamba kutsimikizika m'mwezi wa March pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde, ndipo wodwalayo anachokera m'boma la Balaka. Sanafune kuloza chala mbali iliyonse. Anangoti mtsinje wa Shire umalekanitsa maboma awiriwa pa mapu, koma anthu amawoloka mlatho wa Liwonde tsiku ndi tsiku ndi malonda awo.

Potsiriza anapempha Bungwe kuti lisankhe anthu awiri, mmodzi wa tsidya lino ndi wina wa tsidya lija, oti azikaonana ndi makhonsolo onse awiri mvula yoyamba isanagwe.