Wailesi Yoyankhulana ndi Ntchito ya Apolisi

Wailesi isanafike, wapolisi wa m'mizinda ya ku Amereka ankayenda pansi m'dera lake. Akafuna kupereka lipoti, ankapita pa kabokosi ka lamya ka m'mbali mwa msewu. Akangochoka pamenepo, akulu ake sankadziŵa kumene ali, ndipo kaŵirikaŵiri mbala zinkathaŵa uthenga usanampeze.

M'chaka cha 1928 apolisi a mumzinda wa Detroit anayamba kutumiza mawu pa wailesi kupita ku magalimoto awo. Koma wailesiyo inali yongomvera: wapolisi ankamva, osatha kuyankha. Motero woulutsa ankabwereza uthenga kangapo, posadziŵa ngati wamveka.

Zinthu zinasintha mu 1933, pamene apolisi a ku Bayonne, m'chigawo cha New Jersey, anaika m'magalimoto awo wailesi yotumiza ndi kulandira mawu. Mu 1940 katswiri wina, Daniel Noble, anakonzera apolisi a ku Connecticut wailesi ya FM, imene inachepetsa phokoso losokoneza mawu. Tsopano wapolisi ankatha kuitana anzake akapanikizika, kunena kumene galimoto yobedwa yaloŵera, ndi kuitanitsa thandizo pangozi yapamsewu. Munthu akaimba lamya ku polisi, galimoto yapafupi inkafika m'mphindi zoŵerengeka.

Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wapolisi woyenda pansi ankadziŵa eni masitolo, makolo ndi ana awo, ndipo anthu ankamtsina khutu choipa chisanachitike. Ataloŵa m'galimoto, anayamba kumvera likulu koposa anthu a m'deralo. Ankafika pokhapokha zitavuta, kenaka n'kuthamangira kwina kumene waitanidwa. Pang'ono ndi pang'ono anasanduka mlendo pakati pa anthu amene ankawateteza.

Mu 1972 ndi 1973 apolisi a ku Kansas City anachita kafukufuku. M'madera ena anachulukitsa magalimoto oyendera misewu, m'madera ena anawachotsa kuti azibwera pokhapokha akaitanidwa. Anapeza kuti umbanda sunasinthe kwenikweni. Zimenezi zinathandiza kuti m'zaka zotsatira mizinda ina ibwezere apolisi oyenda pansi, atanyamula mawailesi ang'onoang'ono a m'manja.

Wailesi inapatsa apolisi liŵiro, ndipo inapulumutsa miyoyo. Koma uthenga umene wailesi imanyamula umachokera kwa anthu, ndipo anthu amaulula zinthu kwa wapolisi amene amamdziŵa ndi kumkhulupirira.