Mbale Ikabwerera ndi Nsima Yake

Pa tsiku lino la chikondwerero tifuna kukamba za nthenda imene ife amayi timayamba kuiona, pakuti ndife timaphika ndi kutsuka mbale.

Kuno kunyanja, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, timati mwamuna weniweni ndi amene akachoka pa ngalawa amamaliza nsima ya usipa osasiya mkute. Nanga mnyamata amene abweza mbale tsiku ndi tsiku, namaonda? Timafulumira kunong'onezana kuti am'lodza, kapena ali ndi kaliwondewonde. Nkwabwino ndithu kuyezetsa chifuwa chachikulu, shuga ndi HIV. Koma alipo ena amene nthenda yao ili m'maganizo. Ena amaopa kunenepa, nadzimana chakudya. Madokotala amati anorexia. Ena amadya mopitirira muyeso mobisa, kenaka nadzisanzitsa. Iyi ndi bulimia. Nthenda ziwirizi zimafooketsa mtima, ndipo munthu akhoza kufa nazo.

Ambiri amayesa kuti ndi nthenda za atsikana okha. Si choncho ayi. Mu 1689 dokotala wa ku London, Richard Morton, analemba za odwala awiri odzimana chakudya, ndipo mmodzi anali mnyamata wa zaka 16, mwana wa mbusa. Mu 2008 a John Prescott, amene anakhalapo wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Britain, anaulula kuti anabisa bulimia zaka zambiri chifukwa cha manyazi.

Manyazi amenewa achokera kuti? Amayi anzathu, tisanamizane. Ndife tomwe timauza mwana akadali pamsana kuti mwamuna salira. Akakula, adzauza yani kuti nsima ikumuopsa?

Tsono tichite chiyani? Tisam'seke pamaso pa anzake, ndipo tisam'kakamize chakudya ndi mau okalipa. Tikhale naye pansi awiri, tifunse mofatsa, "Mwanangu, chavuta nchiyani?" Ngati ndi bambo wa kunyumba, tiwafunse mwaulemu ana atagona. Pomwepo tim'perekeze ku chipatala chachikulu cha Salima, tikafotokozenso za maganizo ake, osati za thupi lokha. Ku Lilongwe kulinso a St John of God, amene amathandiza odwala maganizo. Nthendazi zimachizika, makamaka zikaoneka msanga.

Wobisa matenda, maliro adzamuulula. Tiyeni madzulo ano tiyang'ane mbale za ana athu aamuna tisanazitsuke.