Kagalasi ka pakhonde: zomwe mlembi wa kalabu analankhula ku Meluluca

Mwandipempha kuti ndifotokoze za kagalasi kaja tinapachika pakhonde la kalabu yathu, koonerapo za nyengo.

Tonse timaudziwa mwera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, munthu akhoza kunyamuka kukagwira usipa nyanja ili phee, n'kubwera bwato lokha. Wailesi ya ku Metangula imatithandiza, koma mawu akadutsa adutsa. N'chifukwa chake tinaganiza kuti zolosera za bungwe loona za nyengo la INAM zizioneka tsiku lonse. Kagalasiko n'kamainchesi 7, kamalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe cha HDMI, ndipo moto kamatenga pa USB. Batire lathu la sola limakakwanitsa.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa ndine. Ndinadina batani la Windows pamodzi ndi P, n'kusankha Duplicar, kutanthauza kuti zonse za pakompyuta zizioneka uku ndi uku. Zilembo zinatuluka ting'onoting'ono ngati mchenga, agogo ena mpaka anafunsa ngati ndi nyerere. Choipa koposa, nditatsegula mndandanda wa amene sanapereke ya pamwezi, mayina onse anaonekera pakhonde, anthu ali pomwepo. Amayi ena sanabwerenso kumsonkhano kufikira nditapita kwawo kukapepesa. Pepaninso lero.

Tsono njira yabwino nayi, achinyamata mumvetsere. Mukadina Windows ndi P, musankhe Expandir. Pamenepo kagalasi kaja kamakhala ngati chipinda chachiwiri cha kompyuta, chopanda kanthu. Mutsegule tsamba la nyengo palokha, mulikokere kumbali mpaka lilowe m'kagalasimo. Kenako mudine Ctrl ndi + kuti zilembo zikule, musiye pamene pali mphepo ndi tsiku basi. Zina zonse, makalata, ndalama, mayina, zimatsala mkati kwa mlembi.

Tsikulo ndalitchula dala. Intaneti kuno imadukaduka, ndipo ikaduka kagalasi sikanena ayi, kamangosonyezabe za dzulo. Wina akhoza kuwerenga kuti kulibe mphepo, chikhalirecho ndi uthenga wakale. Ndiye chonde, musanawerenge za mphepo, yambani mwaona deti. Likakhala losiyana ndi la lero, musakhulupirire, itanani mlembi.

Ndiponso kagalasi sikalowa m'malo mwa maso anu. Mukaona mitambo ndi mafunde zikunena zina, mverani zimene makolo anakuphunzitsani. Usipa ulipo mawa, moyo ndi umodzi.

Pempho langa n'lakuti tisankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, oti ndiwaphunzitse Loweruka likubwerali, kuti ine ndikapita ku Lichinga pakhonde pasamakhale mdima.