Chifalansa chija tinkachithawa
(Mawu amene mnzathu wina analankhula pa msonkhano wa pachaka)

Bambo Wapampando, aphunzitsi athu, ndi inu nonse amene tinadyera limodzi nyemba za pasukulu pano, zikomo.

Ambirife tinkachithawa Chifalansa. Tinkadandaula kuti tebulo likhala bwanji lalikazi, "la table", pamene buku ndi lalimuna, "le livre". Aphunzitsi ankangoseka, nkunena kuti mzungu nayenso amatuluka thukuta ndi "chingwe changa" ndi "mpando wanga". Ine ndinachisiya nditangolemba mayeso a JCE.

Ndinadzachilira pachipata cha Kasumbalesa, polowa m'dziko la Congo. Lole ya katundu wathu inagona masiku atatu chifukwa mapepala a kasitomu ndinkangowayang'ana ngati mbuzi. Amene anatiwombola, pa telefoni, ndi mnzathu uja tinkamuseka kuti "Monsieur". Muli naye pompano, akumwetulirayo.

Ku SADC Chifalansa ndi chimodzi mwa zinenero zogwirira ntchito, pamodzi ndi Chingerezi ndi Chipwitikizi. Koma ndamva kuti pano patsala mphunzitsi mmodzi yekha ndi madikishonale ochepa ong'ambika. Ndikupempha, Bambo Wapampando, kuti pa zopereka za chaka chino tipatuleko ndalama zogulira mabuku a Fomu 1. Khumi oyambawo ndigula ndine.