Mphasa ndi Sofa M'cipinda Cimodzi

Nkhani yathu lero ndi ya pabalaza, cipinda cija cimene timalandiriramo alendo. Ena a inu mumakhala m'nyumba za njerwa ku Matero kapena ku Kabwe, ena m'nyumba zofolera udzu ku Katete ndi ku Petauke, koma funso ndi limodzi kwa nonse: kodi zinthu zamakono zogula kusitolo ndi zinthu zamanja zimene anatisiyira makolo zingakhale m'cipinda cimodzi, cipindaco nicikongolabe? Anthu ambiri amayankha kuti iai. Akagula sofa, mphasa amaikulunga naibisa kuseri kwa citseko. Akagula firiji, mtsuko umapita kuseri kwa nyumba kukamwera nkhuku. Ine nditi zingakhale pamodzi, ndipo cipinda cotere cimaposa ca zogula zokhazokha, malinga mwini wake adziwe kusankha.

Tiyambe ndi mau akuti zamakono. Ngati m'kalasi mwanu muli desiki la miyendo yacitsulo ndi thabwa losalala pamwamba, lopanda zosemasema, liyang'aneni bwino, pakuti maganizo amene analibala anacokera kutali. M'caka ca 1919, mmisiri wolemba mapulani a nyumba, dzina lake Walter Gropius, anatsegula sukulu yochedwa Bauhaus mu mzinda wa Weimar ku Germany. Kumeneko anali kuphunzitsa kuti maonekedwe a cinthu atsate nchito yake, ndi kuti cipangidwe mosabvuta kotero kuti makina athe kupanga zambiri zofanana. Mmodzi wa ophunzira ake, Marcel Breuer, anaona m'mene citsulo cobowoka ca handulo ya njinga cimapindikira osathyoka, ndipo m'caka ca 1925 anapanga mpando wa citsulo cotero. Sukuluyo inatsekedwa mu 1933, koma maganizo ake anafalikira dziko lonse. Ndiwo maziko a zambiri zimene tiziona m'masitolo lero: mizere yoongoka, mitundu yocepa, galasi, citsulo ndi pulasitiki.

Zinthu zotere n'zabwino ndithu. N'zopepuka, ndipo sizibvuta kupukuta. Koma cipinda cimene muli zokhazi cimafanana ndi ofesi, kapena cipinda codikiramo odwala. Mlendo akalowamo sadziwa ngati eni ake ndi Acewa, Atonga kapena anthu a ku Japan.

Njira yaciwiri ndiyo yosakaniza zinthu za nthawi zosiyana ndi za maiko osiyana. Azungu anaipatsa dzina locokera ku mau a Cigiriki otanthauza kusankha, ndipo dzinalo ndi loyenera, cifukwa kusakaniza kopanda kusankha ndi kuunjika cabe. Amisiri awiri a ku America, Charles Eames ndi mkazi wake Ray, anamanga nyumba yao ku Los Angeles mu 1949. Inali ya zitsulo ndi magalasi, yamakono kotheratu. Koma m'kati mwake anaikamo nsalu zoomba pamanja, zidole, miphika ndi zina zambiri zopangidwa ndi anthu wamba a m'maiko osiyanasiyana. Nyumbayo iripobe, ndipo ophunzira zomanga amapita kukaiona. Taonani: zimene ife timabisa kuseri kwa citseko, anzathu anaziika poyera m'nyumba yochuka.

Ndipo musaganize kuti kusakaniza ndi mwambo wa azungu okha. Citenje cimene amai anu amabvala ndi umboni. Luso lolemba maluwa pansalu ndi phula linakula pa cisumbu ca Java, ku Indonesia. Anthu a ku Holland analiphunzira, nayamba kusindikiza nsalu zotero ndi makina, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amalonda anazifikitsa ku Africa ya kumadzulo, kumene akazi anazikonda. Lero ndani anganene kuti citenje si cathu? Tinacisankha, ndipo cinakhala cathu.

Tsono tisankhe bwanji? Mau amene ndifuna muwasunge ndi awa: ubale. Zinthu ziwiri zosiyana zimakhala bwino pamodzi ngati pali kanthu kena kozilumikiza, monga anthu a midzi iwiri amakhalira pamodzi cifukwa ca ukwati.

Ubale wosabvuta kuuona ndi wa mitundu. Tinene kuti makatani a pazenera ndi a citenje cimene muli mtundu wofiirira ngati katondo, wakuda ndi woyera. Mitundu itatu imeneyo ikhale atsogoleri a cipinda conse. Sofa ikhale ya mtundu umodzi wosalankhula kwambiri. Pamenepo mpando wa agogo, wosema pa mtengo wa mlombwa, ulowa popanda kupempha malo, pakuti kufiirira kwa mlombwa kuli kale m'makatani. Mtsuko wooca, wokhala ndi mawanga akuda a moto, ulowanso comweco. Koma mukaonjezapo maluwa a pulasitiki obiriwira, kapeti ya buluu, ndi kalendala zinai za zaka zapita, cipinda cimasanduka msika, ciri conse cikufuula pacokha. Amai a kumidzi amadziwa bwino lamulo ili ngakhale sanalowe sukulu ya zojambula. Pokongoletsa makoma amatenga dothi la mitundu iwiri kapena itatu, lofiira, lakuda ndi loyera, ndipo nyumba imaoneka bwino ngakhale uli patali.

Palinso ubale wa msinkhu. Nyumba zambiri za m'makomboni ziri ndi balaza laling'ono, koma eni ake amalowetsamo sofa zazikulu zitatu ndi kabati yagalasi yofika kudenga, yodzala mbale zimene palibe anadyerapo. Munthu amayenda cammbali ngati nkhanu. Pano ndinene mosabisa: sofa imodzi, mipando iwiri yosema ndi mphasa yabwino zimalandira alendo ambiri kuposa sofa zitatuzo, ndipo pa tsiku la maliro kapena la cinkhoswe mphasa ndiyo imapulumutsa banja. Malo opanda kanthu nawonso ndi cokongoletsa. Licero limodzi lolukidwa bwino, lopacikidwa pa khoma loyera, limaoneka. Malicero khumi pakati pa zithunzi makumi awiri saoneka konse.

Koma ubale umene ndiukonda koposa ndi wa nchito. Cinthu cakale cisalowe m'nyumba kudzangokhala ngati mlendo wosalankhula. Cigwire nchito pamodzi ndi zatsopano. Dengu lisunge mabuku ndi manyuzipepala pambali pa wailesi yakanema. Nsengwa isunge malalanje patebulo lagalasi. Ndipo mtsuko ukhale pafupi ndi firiji, pakuti nawonso ndi firiji wa mtundu wake. Dongo looca liri ndi timabowo tating'ono tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira m'timabowomo, nauma pakhungu la mtsuko, ndipo pouma amacotsa kutentha kwa madzi otsala m'kati, monga thukuta limaziziritsira thupi lanu. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, mafiriji analeka kuzizira, koma mitsuko sinadziwe n'komwe kuti kwagwa bvuto. Apa mpamene Gropius ndi agogo anu agwirizana: onse awiri afuna cinthu cimene maonekedwe ake acokera ku nchito yake.

Dziko lathu ndi lolemera m'zinthu zoyenera kusankhidwa. Amai Acitonga a m'cigwa ca Gwembe amaluka madengu a mlaza oyambira pa tsinde la ngondya zinai nathera pa mlomo wozungulira. Ku Cigawo ca Kumadzulo amaluka madengu olimba a mizu ya makenge. Amene mukhala mu Lusaka mukhoza kuona zambiri zotere ku mudzi wa zacikhalidwe wa Kabwata. Nyumba zozungulira za pamalopo zinamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti muzikhala anchito aciAfirika, ndipo zowerengeka zinasungidwa m'ma 1970 kuti amisiri azisemeramo ndi kugulitsa. Pogula, musanyengedwe ndi kunyezimira. Makabati ena a m'sitolo ndi utuci womata ndi guluu, wokutidwa ndi pepala looneka ngati thabwa, akanyowa amafufuma. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tebulo lakale la mlombwa, ngakhale lathyoka mwendo, kalipentala angalikonze, ndipo potero mwapulumutsanso mtengo wina m'nkhalango.

Cenjezo limodzi ndiyenera kulinena, makamaka kwa inu a kum'mawa. Si cinthu ciri conse cakale cimene ciyenera kupacikidwa pakhoma. Za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 pamodzi ndi Makishi a Cigawo ca Kumpoto ca Kumadzulo, ziri ndi eni ake ndi malo ake, sizokometsera pabalaza. Zosema zimene amisiri amapangira malonda ndi nkhani ina. Ngati mwakaika, funsani akulu musanakhudze.

Tsopano nchito yanu. Aphunzitsi, patulani ngondya imodzi ya kalasi sabata ino. Gawani ana m'magulu, ndipo gulu liri lonse libweretse cinthu cimodzi cogula ndi cimodzi copanga ndi manja, atapempha cilolezo kwa makolo. Mwana ali yense afunse kunyumba dzina la cinthuco, cimene anacipangira, ndi dera limene cinacokera. Mudzadabwa kuona kuti ena sadziwa kusiyana kwa mphasa ya bango ndi mkeka wa mlaza. Yalani citenje cimodzi patebulo, ana achule mitundu yake, ndipo asankhe zinthu zisanu zokha zogwirizana naco. Zotsalazo zidikire tsiku lina, ndipo gulu limene cinthu cao casiyidwa liuzidwe cifukwa cake. A Giredi 6 ndi 7 athire madzi ofanana mu mtsuko ndi m'cigubu ca pulasitiki m'mawa, aziike pamthunzi pamalo popita mphepo, ndipo masana alawe madzi a m'zonse ziwiri nalembe zimene apeza. Mtsuko wake ukhale wosapakidwa penti kapena vanishi, pakuti zimenezi zimatseka timabowo tija.