Ana a ku Stassfurt

Amayi ndi abambo, tsekani mabuku pang'ono. Dzulo amayi ena anandifunsa kuti: "Mwana akakaphunzira kunja, ntchito adzaipeza?" Ine ndikuti funsani kaye ngati satifiketi yakeyo kuno adzailandira.

Mu 1982 boma lathu linatumiza ana pafupifupi 900 ku Stassfurt, m'dziko la Germany ya kum'mawa. Ambiri anali a zaka 12 mpaka 14, ana enieni. Zaka zinayi anakhala m'kalasi, zaka ziwiri anaphunzira ntchito zamanja. Lamulo linali lakuti akamaliza abwerere kudzamanga dziko.

Anabwereradi mu 1988. Samora Machel anali atamwalira mu 1986, nkhondo ili mkati. Ambiri anawatengera ku usilikali. Atachokako, masatifiketi aja sanawapezetse ntchito imene anaphunzira.